Mutu 8: Funso limene limatsala pa sikelo

Tsiku la sikelo ku Milange, m'dziko la Mozambique, limayamba nkhungu isanachoke pa phiri la Tumbine. Amayi amafika wapansi, ena pa kabaza, ena pa njinga yamoto, makhadi atakulungidwa m'jumbo kuopa mvula. Pofika 8 koloko benchi yadzaza, otsala ayala zitenje pakhonde. Namwino wa amayi ndi ana, amene m'Chipwitikizi amamutcha enfermeira de SMI, ntchito yake amaidziwa pamtima: akweze mayi pa sikelo, ayeze kuthamanga kwa magazi, apime mimba ndi tepi, amvetsere mtima wa mwana, ayeze HIV ndi chindoko, apereke Fansidar woteteza ku malungo ndi mapiritsi owonjezera magazi, alembe m'kaundula, aitane wina. Zonsezi zapulumutsa amayi ambiri. Koma kawirikawiri pali funso limodzi limene limatsala: "Nanga mumtimamu muli bwanji, amayi?"

Si kuti anamwino ndi ouma mtima ayi. Mzere ndi wautali, namwino ndi mmodzi, ndipo ambiri a iwo za matenda a maganizo anaziphunzira mwapatalipatali, ngati nkhani ya anthu a misala oyenera kupita ku Infulene ku Maputo kapena ku Nampula, kumene kuli zipatala zapadera za matendawa. Za mayi wosamba bwino, wobereka mwana wake kumbuyo, woyankha moni mwaulemu, koma amene mkati mwake mwaphwa, sanauzidwe zambiri. Ndipo munthu safunsa funso ngati sadziwa kumene angapite nalo yankho lake.

Komatu amayi otere si ochepa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwa amayi 100 oyembekezera, pafupifupi 10 amadwala maganizo, makamaka matenda a kukhumudwa, ndipo mwa amayi 100 amene angochira kumene, odwala ndi 13. M'mayiko osauka ziwerengerozi zimakwera kufika pa 16 ndi 20. Tikatengera pamenepa, pa khonde pamene pakhala amayi 50, asanu ndi atatu kapena khumi abwera ndi matenda amene tepi singawapime. Mayi wotere amachedwa kuyamba sikelo, amadumphitsa ma ARV, amalephera kudzikakamiza kudya, ndipo mwana akadwala amasowa mphamvu zoyenda naye mtunda. Matenda ali mwa mayi, koma zizindikiro zake zimakaonekera pa khadi la mwana.

Zinthu zitatu zimene zimasokonezedwa

Phunziro loyamba kwa wogwira ntchito kuchipatala ndi kusiyanitsa zinthu zitatu, pakuti chilichonse chili ndi chochita chake.

Choyamba si matenda n'komwe. Tsiku lachitatu kapena lachinayi mayi atachira, akadali m'chikuta, mkaka ukubwera, amangoona misozi ikutuluka popanda womulakwira. Amapsa mtima msanga, kenako aseka. Zimenezi zimagwera amayi ochuluka, chifukwa thupi likusintha mwadzidzidzi, ndipo zimatha zokha masabata awiri asanakwane. Mankhwala ake ndi tulo, phala, ndi munthu womulandira mwana.

Chachiwiri ndiye kukhumudwa kwenikweni. Kungayambe mayi akadali ndi pakati kapena miyezi ingapo atachira. Masabata awiri amadutsa, atatu, mwezi, mtima uli pansi. Zimene ankakondwera nazo sazifunanso: kutchalitchi sapita, kuchitsime amasankha nthawi yopanda anthu. Mwana akagona, iye ali maso kuwerenga nsungwi za denga. Amadziona wachabechabe, mayi wolephera. Pa sikelo sanganene kuti "ndakhumudwa". Adzati mutu ukundipweteka, mtima ukuthamanga, thupi lonse laphwanyika, ndikuganiza kwambiri. Namwino wosaphunzitsidwa amayeza malungo, sapeza kanthu, napereka panado. Mwezi wamawa mayi uja abweranso ndi mutu womwewo. Ena amafika poganiza zodzipha, ndipo apa anamwino ambiri amaopa kuti kufunsa za imfa ndi kumuikira munthu maganizo oipa. Si zoona. Kufunsa mwaulemu ndi mosazungulira sikuyambitsa maganizowo, koma kumatsegulira njira munthu amene wakhala akuwasenza yekha.

Chachitatu ndi chosowa koma choopsa. Mwa amayi 1,000 ochira, mmodzi kapena awiri amasokonezeka mutu, kawirikawiri m'masabata awiri oyamba. Mayi sagona usiku ndi usana, amalankhula zosagwirizana, amamva mawu amene ena sakuwamva, mwina kukana kuti mwanayo si wake. Kumudzi amati ndi majini, mizimu, mutu waukulu, kapena kuti wina wamulodza chifukwa cha nsanje, ndipo ulendo woyamba umakhala wa kwa sing'anga. Ku chipatala iyi ndi ngozi yofanana ndi kutaya magazi: mayi asasiyidwe yekha ndi mwana, ndipo aonedwe tsiku lomwelo. Wophunzitsidwa bwino amayamba wayeza kutentha kwa thupi ndi kuthamanga kwa magazi, chifukwa malungo aakulu, mafinya a m'chiberekero ndi matenda okomoka a amayi apakati nawonso amabalalitsa mutu. Chokondweretsa n'chakuti matenda amenewa amachizika, ndipo amayi ambiri amabwerera mwakale.

Katundu wa mayi wa ku Milange

Matenda a maganizo sagwa kuchokera kumwamba. Milange ndi dziko la chimanga ndi nandolo, koma amene amalima si amene amaika mtengo, ndipo mimba imene yakula mu Januwale ndi Febuluwale imakula nkhokwe ili mbee. Amuna ambiri moyo wawo ndi wa pamsewu, kuwolotsa matumba pa chipata cha Muloza kupita ku Limbuli, ena kupitirira mpaka ku Blantyre kapena ku Joni. Wina amatumiza ndalama, wina amangoti zii. Pa mwambo, mayi akachira pamapita nthawi banja lisanayambirenso kukhalira limodzi, kuopa mdulo, ndipo nthawi imeneyi mayi amagona ndi nkhawa yakuti bambo akuyenda kuti. Amene anachedwa kuchira mwina anaumirizidwa kuti aulule amuna amene anayenda nawo. Amene wapita padera, kapena mwana wake wabadwa wakufa, amauzidwa kuti asalire mokweza; maliro ake ndi a amayi okhaokha, ndipo mawa lake moyo uyenera kupitirira ngati palibe chachitika.

Onjezanipo HIV. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2021 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 a ku Mozambique, oposa 12 ali ndi kachilomboka, ndipo m'chigawo cha Zambezia, kumene kuli Milange, ndi 17. Amayi ambiri amamva za kachilombo kawo koyamba pa sikelo pomwepo, ali okha, kenako n'kuyenda ulendo wobwerera kunyumba akusinkhasinkha m'mene akawauzire bambo. Onjezaniponso ubwana: lamulo loletsa maukwati a ana osakwana zaka 18 linakhazikitsidwa mu 2019, koma pa benchi ya sikelo atsikana a zaka 15 ndi 16 akadalipo. Agogo awo a atsikanawa ndi aja anathawira ku Mulanje pa nkhondo imene inatha mu 1992, ndipo iwo eni anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akukokolola minda ndi nyumba mbali zonse ziwiri za malire. Namwino sangathetse umphawi kapena kubweza mwamuna wothawa. Koma ayenera kudziwa kuti mayi amene akumenyedwa, amene wasiyidwa, amene wataya mwana, kapena amene wangomva za kachilombo, ndiye woyenera kumupatsa mphindi zisanu zapadera.

Aphunzitsidwe ndani?

Mozambique ili ndi mbiri yakeyake pa nkhani yopatsa ntchito ya dokotala kwa amene si dokotala. Dziko litalandira ufulu mu 1975, madokotala ambiri Achipwitikizi anachoka, ndipo otsala anali ochepa kwambiri. Mu 1984 boma linayamba kuphunzitsa ma técnico de cirurgia, anthu amene sanapite ku sukulu ya udokotala koma amachita opaleshoni, ndipo kwa zaka zambiri amayi a m'maboma akalephera kuchira okha, owang'amba ndi kupulumutsa mwana akhala ali iwowa. Nzeru yomweyo inagwiritsidwa ntchito pa matenda a maganizo. Kuyambira cha m'ma 1996 dzikoli lakhala ndi ma técnico de psiquiatria, amene amaphunzira zaka ziwiri kapena kuposerapo pang'ono, ndipo amaloledwa kupima ndi kulemba mankhwala. Mu 2010 analipo 66. Pofika 2014 anali 241. Nthawi imeneyo madokotala enieni a matenda a maganizo sankakwana ngakhale 20 m'dziko la anthu oposa 25 miliyoni.

Imeneyi ndi ntchito yotamandika, koma ili ndi malire. Técnico amakhala pa chipatala chachikulu cha boma, ndipo pakhomo pake pamadzaza odwala khunyu, osokonezeka mutu ndi ovutika ndi mowa. Mayi wa kumudzi wakutali sangalipire njinga yamoto kupita ku tauni ya Milange chifukwa choti sakugona. Ngakhale atakhala nayo ndalamayo, khomo limenelo amaliopa: akamuona anthu akulowamo, mawa dzina lake ndi wamisala. Khomo limene amalowa mopanda manyazi, kangapo ali ndi pakati ndiponso mwezi ndi mwezi mwana akabadwa, ndi la sikelo. N'chifukwa chake WHO, kuyambira ndi ndondomeko yake ya mhGAP ya 2008 mpaka buku lake la 2022 lonena za amayi oyembekezera ndi ochira, yakhala ikunena chinthu chimodzi: chithandizo cha maganizo chilowe m'chipinda chimene mayi akupitamo kale. Woyamba kuphunzitsidwa akhale namwino wa sikelo, pambuyo pake azaumoyo a m'midzi amene ku Mozambique akhala akudziwika kuti ma APE, ndipo técnico akhale mphunzitsi ndi wolandira amene avuta.

Kodi munthu wosakhala katswiri angachize kukhumudwa ndi mawu okha? Yankho linachokera ku Pakistan. Pulofesa Atif Rahman ndi anzake anaphunzitsa azaumoyo a m'midzi ya kufupi ndi Rawalpindi njira yotchedwa Thinking Healthy: kuchezera mayi kunyumba kuyambira mimba itakula mpaka mwana atatsala pang'ono kukwana chaka, kumvetsera, kumuthandiza kuzindikira maganizo omufooketsa ndi kuwasintha, ndi kukokera banja lonse pa ntchito yosamala mwana. Zotsatira zinatuluka mu 2008. Patatha miyezi 6 mwana atabadwa, mwa amayi 100 amene analandira chithandizochi, 23 ndiwo anali akadali okhumudwa, pamene mwa amene sanachilandire anali 53. WHO inasindikiza njirayi mu 2015 kuti mayiko ena aitengere. Kufupi ndi kwathu kuno, Dixon Chibanda wa ku Zimbabwe anaika agogo aakazi pa mabenchi a zipatala za ku Harare, kuyambira ku Mbare, kuti azikambirana ndi anthu odwala chimene Ashona amachitcha kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri kwathu komwe kuja. Njira ya Friendship Bench imeneyi yayesedwanso ku Lilongwe pakati pa amayi oyembekezera amene ali ndi HIV.

Chilankhulo

Apa ndiye pali nkhani ya Milange yeniyeni. Namwino amaphunzira m'Chipwitikizi, ku Quelimane kapena kwina, ndipo boma lingamutumize kulikonse. Amene wafika ku Milange mwina kwawo amalankhula Chichuwabo, Chisena kapena Chimakua, pamene mayi amene ali patsogolo pake amalankhula Chichewa, Chilomwe kapena Chimarenje, ndipo Chipwitikizi amangochidziwa cha moni ndi cha pamsika. Kuyeza mimba sikufuna mawu ambiri. Kumva za mumtima kumafuna mawu onse, ndi pamene munthu wakhala chete. Womasulira akakhala mlonda wa pachipatala kapena apongozi amene amuperekeza, mayi adzangoti, "Ndili bwino."

Chodabwitsa n'chakuti zida za m'Chichewa zilipo, ndipo zinasulidwa pafupi kwambiri. Ukawoloka pa Muloza, n'kudutsa Mulanje, wafika ku Thyolo. Pa chipatala cha boma cha Thyolo, Robert Stewart ndi anzake anamasulira m'Chichewa mafunso 20 a WHO opimira kuvutika maganizo, nawayesa pakati pa amayi obwera ndi ana ku sikelo. Anapeza kuti pafupifupi amayi 14 mwa 100 anali ndi kukhumudwa kwakukulu, ndiponso kuti ana a amayi ovutika maganizo anali otsalira pa msinkhu. Pambuyo pake, ku Mangochi, anayesanso m'Chichewa ndi m'Chiyao mafunso 10 a ku Edinburgh, amene anapangidwa ku Scotland mu 1987 ndipo amagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri. Ku Blantyre, Genesis Chorwe-Sungani wa sukulu ya anamwino ya Kamuzu anafufuza mafunso amene azamba a m'zipatala angathe kugwiritsa ntchito pa sikelo yodzaza anthu. Kuchokera ku Milange, Thyolo ndi pafupi kuposa Mocuba, osanena za Quelimane amene ali pa mtunda wa makilomita oposa 300. Chimanga chimawoloka malire amenewa tsiku ndi tsiku, odwala nawonso amawoloka kukafuna chithandizo ku Muloza ndi ku Mulanje. Ine sindiona chifukwa chimene pepala la mafunso khumi lingalepherere kuwoloka. Lingafunike kukonzedwa, pakuti Chichewa cha ku Milange chili ndi mawu ake obwereka ku Chipwitikizi ndi ku Chilomwe, koma kukonza n'kosavuta kuposa kuyamba pachabe.

Tisanamizane, komabe: pepala si chithandizo. Mafunsowo amangosonyeza amene ayenera kumvetseredwa bwino. Akawerengedwa mothamanga, chitseko chili pululu, amayi ena akumva pakhonde, mayankho onse adzakhala "ayi". Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Luso limene maphunziro ayenera kupereka ndi limeneli: kukhala pansi, kuika cholembera patebulo, kufunsa ndi kudikira. Luso lotere silimveka pa bolodi. Ophunzira amasinthana, wina akhale mayi, wina namwino, abwereze mpaka funso la kudzipha lituluke pakamwa popanda chibwibwi.

Pambuyo pa maphunziro

Tonse timawadziwa maphunziro a masiku asanu m'holo ya kutauni: malaya olembedwa, chakudya chamasana, ndalama ya m'thumba, satifiketi, chithunzi. Lolemba lotsatira namwino wabwerera ku mzere wake wa amayi 50, buku lija lili m'kabati. Chimene chinapangitsa kuti za ku Pakistan zitheke si kutalika kwa maphunziro, pakuti anali a masiku ochepa, koma kuti mwezi uliwonse azaumoyo aja ankakumana ndi wowayang'anira n'kukambirana za amayi amene awavuta. Ku Milange zimenezi zikutanthauza zinthu wamba: mafuta a njinga yamoto kuti técnico azifika ku zipatala zing'onozing'ono, mayunitsi a foni kuti namwino athe kumuimbira, malo m'kaundula olembamo zimene zapezeka, ndi kuphunzitsanso pamene wophunzitsidwa uja wasamutsidwa.

Mankhwala nawo akhalepo. Kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, chithandizo choyamba ndi cha kukambirana. Matenda akakula, mankhwala monga fluoxetine ndi amitriptyline amagwiritsidwa ntchito mosamala, wodziwa atalangiza. Wogwira ntchito adziwenso kuti valproate, amene amaperekedwa kwa odwala khunyu ndi matenda ena a maganizo, amavulaza mwana m'mimba, komanso kuti mayi amene anali kale pa mankhwala asangowasiya yekha atazindikira kuti waima. Kupeza matenda popanda chopereka ndi kumuvula munthu n'kumusiya pabwalo.

Pali anthu ena amene sali pa malipiro a boma koma ndiwo amakhala m'chikuta: azamba a kumudzi, anamkungwi, amayi a mayiyo, amayi a mvano ndi a mabungwe a m'mipingo. Iwowa ndiwo oyamba kuona kuti mwana wathuyu sakudya, sakumuyang'ana khanda kumaso. Asing'anga nawo ali ndi bungwe lawo la AMETRAMO, limene azaumoyo akhala akugwira nalo ntchito pa matenda ena. Kukangana nawo za majini n'kutaya nthawi. Chofunika n'kugwirizana kuti mayi amene sakugona ndipo akulankhula zosamveka afike kuchipatala lero, zina zonse pambuyo. Mwambo wa chikuta, umene ena amaunyoza, uli ndi nzeru yake: mayi amapuma, amaphikiridwa, amatenthetseredwa madzi. Amene ali pangozi kwambiri ndi uja alibe womuchitira zimenezi. Abambo nawo asamangoitanidwa kudzayezetsa magazi. Auzidwe kuti mkazi wokhumudwa si waulesi ndipo si wamwano.

Chotsala n'chowawa kuchinena. Amayi ena mantha awo amayambira m'chipinda chochirira momwe, pamene anakalipiridwa, kunyozedwa, mwina kumenyedwa mbama ali pa ululu. Mayi amene wachitidwa zotere sadzaulula za mumtima mwake kwa munthu wovala yunifolomu yomweyo. Koma namwino amene amakalipayo mwina wachezera usiku wachitatu, ali kutali ndi kwawo, dzulo mayi wina wamwalira m'manja mwake ndipo palibe anamufunsa kuti ali bwanji. Maphunziro amene sapatsa anamwino mpata wokamba zawo akumanga pa mchenga wa mu mtsinje wa Ruo.

Inu owerenga, mwina simuvala yunifolomu. Koma mukapita kukaona mwana watsopano, mutapereka sopo ndi chitenje, mutamuyamikira kuti wafanana ndi bambo ake, tembenukirani kwa mayiyo mumufunse ngati akugona ndiponso ngati akudya. Akati masabata awiri apita mtima uli pansi, muperekezeni ku sikelo ndipo mukanene zimenezo kwa namwino. Akakhala kuti sakugona n'komwe ndipo akulankhula zosamveka, musadikire kuti mchombo ugwe: landirani mwanayo, wina akafune njinga.